Tsiku Limene Alamu Anathena Maluwa Anga

"Munthu wamkulu, wandevu, wofika mpaka Fomu 4, kulirira duwa ngati wafedwa! Manyazi mulibe, alamu?"

Anakuwa chomwechi ndi a Lufeyo, achimwene awo a agogo anu aakazi, amene inu mumati agogo a kutsidya kwa dambo. Anali ataima pabwalo lomweli pamene mumandiswera magalasi ndi mpira, manja awo ali bii ndi utomoni wa fodya. Ine ndinali nditagwira mpini wa khasu. Sindikukana. Agogo anu aakazi anali atandikoka lamba kumbuyo, akuti, "Bambo a Esinati, ikani pansi chimenecho, anthu akuonerera." Ndinaika. Koma pakamwa sindinatseke.

"Anakutumani ndani?"

"Ine ndimakuthandizani!"

"Thandizo lanulo ndi la matalala. Akuti mvula, koma m'munda simutsala tsamba."

Tadala, Mphatso, ndi iwe Yankho wamng'onowe, nkhaniyi ndailemba papepala chifukwa ndikamayankhula mumayang'ana pafoni n'kumangoti "ee agogo, ee agogo" ngati mwamva. Pa holide yathayi wina mwa inu anathyola duwa lija lofiira la pakona pa khonde n'kuliika kukhutu kuti ajambulitse. Dzina sinditchula, koma ndi uja amadana ndi kusamba. Munakauza mayi anu kuti ndinakalipa. Kumene kuja sikukalipa. Werengani mumve kukalipa kwenikweni, mudziwenso kumene duwa limenelo linachokera.

Inu obadwira m'tauni simudziwa kuthena fodya. Fodya akakula amatulutsa duwa kunsonga, ndiye mlimi amadutsa mzere ndi mzere kuthyola nsongazo kuti chakudya chonse chithamangire kumasamba. Masamba ndiwo amapita ku okushoni, duwa silipita kulikonse. N'chifukwa chake kuno kwathu dzanja la mwamuna likaona duwa limathyola lokha, mutu usanaganize. Bambo anga ankasiya mitengo isanu yokha kumapeto kwa munda kuti ibereke mbewu, poti masiku amenewo mbewu sinkabwera m'mapaketi ayi, inkakhala m'botolo lotseka ndi chitsononkho, lopachika kudenga. Mitengo isanu imeneyo inkamasula maluwa oyera mofiirira, ine n'kumaima kuwayang'ana ngati chitsiru. Chaka china, ndili Sitandade 5, ndinasiya dala mzere wathunthu osathena kuti ndione mmene ungaonekere wonse utamasula. Unaoneka bwino zedi. Msana wanga ndi umene sunaoneke bwino madzulo ake.

Maluwa ali pabwalowa ndinayamba kuwasonkhanitsa nditakwatira kale, mayi anu Esinati akukwawa. Azungu amati deyilili. Ine ndimangoti tsikulimodzi, chifukwa duwa lake limamasula m'mawa, madzulo lafota, mawa lina latenga malo pa phesi lomwelo. Loyamba, lamtundu wa njerwa, ndinapempha kunyumba ya abusa. Ndi lija ladzaza kuseri kwa bafa. Lachiwiri, lachikasu lonunkhira, anandipatsa mayi ena opuma pa uphunzitsi ku Kasungu Boma nditawapititsira thadzi. Masiku ano mumangoima m'mbali mwa msewu n'kuloza duwa la m'chubu, kapena kuona mitundu zikwizikwi pafoni. Nthawi imeneyo duwa unkachita kulimva mbiri ngati sing'anga, n'kuliyendera.

Kusekondale aphunzitsi a zaulimi anatiphunzitsa za mungu, kaufa kachikasu kaja kamakupakani pamphuno mukanunkhiza duwa. Anzanga analoweza kuti akhoze mayeso. Ine ndinadzakumbukira patapita zaka zambiri, nditanyonyomala pambali pa phata la maluwa. Ntchito yake ndi iyi. M'mawa mame akangouma, njuchi zisanakupitirire, umatenga mungu wa duwa lina n'kukhudzitsa pa kansonga kakatali ka pakati pa duwa linzake. Ukatero umamanga kaulusi pakhosi pa duwalo kuti usaiwale bambo wake. Zikagwira, duwa likafota pamatsala kathumba kobiriwira ngati therere laling'ono, ndipo pakatha pafupifupi miyezi iwiri kamang'ambika n'kuonetsa njere zakuda zonyezimira. Njere iliyonse ndi duwa latsopano limene munthu sanalionepo. Lija lamtundu wa njerwa ndinavutika nalo zaka ziwiri, osagwira ngakhale kamodzi. Ndi chumba. Chomwe limadziwa n'kufalikira ndi mizu ngati kapinga. Lachikasu ndilo linkagwira, koma ana ake onse ankabadwa achikasu, poti bambo wina kunalibe.

Za lofiira ndinamva kwa dalaivala wa lole yonyamula mabelo. Anati ku esiteti ina yakale cha ku Simlemba, pa nyumba imene ankakhala manijala, kuli maluwa ngati angawa koma ofiira ngati magazi a ng'ombe. Ndinanyamuka kukucha pa njinga yanga yakuda ija ya mabuleki achitsulo, imene inu mumaiseka mukaiona m'chigafa. Pakaliyala ndinamanga chigumu, mbatata yootcha ndi chigubu cha thobwa. Kabaza wanjinga yamoto kunalibe, ndipo akanakhalako sakanavomera ulendo wa duwa. Tayala linaphulika kawiri. Kachiwiriko zomatira zinali zitatha, ndinachita kutsendera udzu m'tayala n'kumapalasa ngati ndakwera ngolo.

Pa nyumbayo ndinapeza mlonda wokalamba, Mtumbuka, akusoka nsapato.

"Mukupenja vichi, dada?"

"Maluwa."

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Mwafuma nkhu?"

"Ku Wimbe."

"Ku Wimbe chifukwa cha maluwa? Muli makora mu mutu?"

Ndinatsala pang'ono kumuyankha mmene ndimayankhira, koma ndinakumbukira mtunda umene ndinapalasa. Ndinamasula chigumu. Tinadya, mkulu uja n'kukandilozera kuseri kwa thanki yamadzi yodzimbirira, pamene panali phata limodzi lokha lotsamwitsidwa ndi udzu. Anandidulira kachidutswa kokwana m'dzanja, ndinakakulunga m'chiguduli chonyowa, ulendo wobwerera.

Chaka choyamba linangotulutsa masamba. Chachiwiri, mu Novembala, linamasula. Dalaivala uja sananame. Koma linali duwa laulesi, lopanda fungo, ndipo dzuwa likafika pamutu linkafota ngati lathiridwa madzi otentha. Ine ndinkafuna kufiira kwake kukumane ndi fungo ndi kulimba kwa lachikasu lija. M'mawa uliwonse ndisanapite kumunda ndinkatenga mungu wa lofiira kupaka pa lachikasu, n'kumanga ulusi wofiira umene ndinkasolola pa juzi yakale ya agogo anu. Anadzazindikira juzi itatsala dzanja limodzi. Nkhani imeneyo afunseni okha, amaifotokoza mokometsera. Pofika Khirisimasi ndinali ndi timatumba khumi ndi kamodzi ta ulusi wofiira.

Sabata yomweyo ndinadzuka n'kupeza lofiira lija litagwa chammbali. Nditakoka masamba anangozuka opanda kanthu kunsi. Mfuko inali itadya mizu yonse ngati yapeza mbatata. Ndinakumba bwalo lonse kuisaka, sindinaipeze. Choncho bambo anafa, ana ake anatsala m'timatumba khumi ndi kamodzi tija, tisanakhwime.

Mu Januwale kunagwa maliro a mayi anga aang'ono ku Ntchisi. Tinapita ine ndi agogo anu, ndipo kumeneko tinatha masiku anayi. Fodya anali atafika pothena, sakanadikira. A Lufeyo anadzipereka okha. Ndinene zoona, pa fodya munthu uja ndi katswiri, munda wanga anaumaliza masiku atatu, osaphonya mtengo. Tsiku lachinayi ntchito itawathera anayendayenda pabwalo, n'kuona mapesi a maluwa ataima ndi zofotafota kunsonga ndi timatumba tija. Dzanja linachita zake.

Titatsika pa njinga, iwo anatilandira akumwetulira.

"Alamu, pepani ndi maliro. Munda ndatha. Ndiponso timaluwa tanu ndakuthenerani, tinayamba kubereka. Muona mmene masamba akulire chaka chino."

Ndinayang'ana. Bwalo lonse linali lometedwa mpala. Phesi ngakhale limodzi.

"Ndi tiulusi tanyansi tija tinakoleka pamenepo ndachotsa," anawonjezera. "Ana amasewera moipa."

Pamenepo ndi pamene mpini unapezeka m'manja mwanga. Zimene ndinanena sindilemba zonse, Yankho akadali mwana. Ndinawauza kuti mutu wawo ndi belo lodindidwa ndi zinyalala. Iwo anati ine sukulu inandipengetsa, kuti mwamuna weniweni amawerenga ndindi za fodya osati maluwa, kuti mlongo wawo anakwatiwa ndi gulugufe. Anakwera njinga osatsanzika, osadya. Pa msewu anatembenuka n'kukuwa kuti phazi lawo silidzapondanso pabwalo langa. Ine ndinati ndithokoza, udzu upume.

Agogo anu analowa m'nyumba kukalira. Ine ndinapita kudzala, kumene a Lufeyo anataya mapesi. Mbuzi zinali zitandiyambirira. Ndinagwada m'zinyalala ndi suti yapamaliro, kufukula chimodzichimodzi. Mapesi a timatumba topanda chizindikiro ndinapeza angapo, koma amenewo anali a njuchi, bambo wake sindinkamudziwa. A ulusi wofiira ndinapeza awiri. Ulusiwo unali utalowa m'khosi mwa kathumba, chala cha a Lufeyo sichinathe kuukolola.

Ndinaganiza za chimanga. Ukachidula chisanaumitsitse n'kuchiimika pa mkukwe, chimamalizira chokha ndi madzi a m'phesi. Bwanji duwa? Ndinadula kunsi kwa mapesi awiriwo ndi lezala, ndinawaimika m'mabotolo amadzi, n'kuthiramo shuga pang'ono, kuwaika pawindo lakum'mawa. Madzi ndinkasintha tsiku ndi tsiku. Agogo anu ankati ndikudwazika matenda. Sanalakwe.

Loweruka lake ndinapalasanso ulendo wa ku Simlemba kuti mwina ndikapeze phata lina. Ndinapeza nyumba ija ilibe denga, thanki anachotsa, mlonda kulibe. Pamene panali maluwa panali mizere ya chimanga cha matenanti. Ndinafunsa mayi wina amene ankabandira. Anati, "Anyezi wosabereka uja? Tinazula." Ndinabwerera osamwa ndi madzi omwe. Tsopano kufiira konse kuja kunali m'mabotolo awiri pawindo langa.

Phesi limodzi linawola sabata yachiwiri, linanunkha, ndinataya. Linalo linachita chikasu pang'onopang'ono, kathumba n'kuyamba makwinya. Sabata yachitatu ndikumeta ndevu ndinamva agogo anu akuitana, "Bambo a Esinati, wodwala wanu wayasamula." Kathumba kanali katang'ambika. Njere zisanu. Ziwiri zinali zophwapha, zitatu zonenepa, zakuda ngati maso a njiwa.

Ndinafesa m'beseni lobooka, m'dothi la kunazale ya fodya losefa ndi manja. Zinamera zonse zitatu, timasamba ngati udzu, moti nkhuku ikanangodutsa kamodzi nkhani ikanathera pomwepo. Nkhuku za pakhomo pano chaka chimenecho zinandidziwa. Powokera ndinadula mgolo pakati, kuuboola kunsi, n'kuukwirira pansi kuti mfuko ikabwera ikalume chitsulo. M'chilimwe chitsime chitaphwa ndinkatunga kudambo ndi makeni awiri achitsulo aja olemera ngati tchimo, osati apulasitiki anu amene amasweka ukangowayang'ana mokwiya.

Zaka ziwiri zimenezo ine ndi a Lufeyo sitinapatsane moni. Kumaliro iwo akakhala pansi pa mango ine ndinkakhala pansi pa mthethe. Kutchalitchi tonse ndife a bambo a chigwirizano, tinkaimba nyimbo imodzi maso ali kosiyana. Akulu ampingo anayesa kutikhazika pansi kawiri. Ulendo woyamba mkulu wina anayamba ndi mawu akuti, "Abale, nkhani ya duwa chabe," ine ndinanyamuka. Wachiwiri ananyamuka ndi a Lufeyo. Agogo anu ankawoloka dambo okha kukaona achimwene awo, pobwera n'kumangoika mbale patebulo mwamphamvu.

Novembala wachiwiri mbande zitatu zija zinatulutsa mapesi. Loyamba kumasula linali lachikasu, mayi ake enieni, ngati bambo sanapiteko n'komwe. Lachiwiri linatuluka mtundu wa madzi otsukira mbale. Ndinaliyang'ana, linandiyang'ana. Ndinalizula tsiku lomwelo n'kuponyera mbuzi.

Mumati ndine wankhanza ndikamazula maluwa. Tamverani. Kusankha duwa n'chimodzimodzi kusankha fodya pa tebulo: tsamba lililonse uliika pa mulu wake, chisoni uchisiye pakhomo. Ine duwa ndimalifunsa mafunso. Kodi upirira dzuwa la Okutobala osapempha madzi kawiri pa tsiku? Kodi masana udzakhala mtundu womwe unali m'mawa? Phesi lako lanyamula maluwa angati odikira, kapena ndiwe wa masiku atatu basi? Kodi uima wekha mphepo ikawomba kuchokera kudambo? Likalephera awiri, mbuzi. Mwa mbande makumi awiri ndimasunga imodzi, nthawi zina osasunga n'komwe. Mukamaona bwalo lino akwati akubwera kudzajambulitsa, amayi a mvano akudzapempha zokongoletsera kuguwa, dziwani kuti mbuzi zanga zinadya maluwa ambiri kuposa amene mukuwaonawo.

Duwa lachitatu lija linachedwa masiku asanu ndi anayi. Linali ndi ziphukira ziwiri zokha zochokera kumizu, ndi phesi limodzi. M'mawa wa Lachinayi ndinatuluka ndi mswachi kukamwa, ndipo mswachiwo unagwa.

Linali lalikulu ngati chikhatho changa. Lofiira kuposa bambo wake, kufiira kozama kokhala ngati veleveti, pakhosi pake chikasu chowala, m'mphepete mopindikapindika ngati anachita kusoka telala. Ndinagwada kununkhiza. Fungo la mayi ake lonse linali momwemo. Sindinapite kumunda. Ndinatenga mpando n'kukhala pomwepo kudikira dzuwa la masana, poti mayeso enieni ndi amenewo. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka, duwa lili chiimire, mtundu osasintha.

Ndinakuwa, ana inu. Ndinakuwa mpaka agalu a mudzi wonse anayankha. Amayi opita kumjigo anatula zidebe. Wakabaza wina anaima, kasitomala ali pambuyo, onse awiri n'kutsika. Mkulu wampingo uja wa "duwa chabe" anabwera, anavula chipewa, n'kufunsa kuti ndaitanitsa kunja kodi. Ndinati, "Kunja kwake ndi pawindo apo. Ili kulibe ku Lilongwe, kulibe ku Joni, kulibe kwa azungu. Dziko lonse lapansi lili pano pokha, pa Wimbe, pakhomo pa munthu wopenga uja." Ndinanena zimenezi kwa aliyense amene anabwera, ena kawiri. Mphunzitsi wa zaulimi wa pasekondale yoyandikana nafe anafika ndi njinga masana, n'kundipempha kuti ndimuonetse mmene ndimapakira mungu. Ine, woti ndinalephera masamu, kuphunzitsa mphunzitsi.

Dzuwa litapendeka anthu anabalalika, duwa linayamba kudzipinda monga mwa mtundu wake. Agogo anu anabwera n'kuima pambali pa mpando wanga, akupukuta manja pachitenje.

"Ndi lokongola," anatero.

"Ndikudziwa."

"Achimwene sanalione."

"Asalione. Angalithyole."

Anasiya kupukuta manja. Agogo anu akatero, thawani.

"Bambo a Esinati, lofiira loyamba lija analipha ndi achimwene?"

"Inapha ndi mfuko."

"Linali ndi linzake kwina?"

Analoza mgolo.

"Ili nalo lili lokha, mumgolo umodzi, pabwalo limodzi. Mgolo umachita dzimbiri. Ng'ombe za eni zimathyola mpanda. Mwauza mudzi wonse kuti dziko lapansi lili pano pokha, ndiye wakuba wamva. Likafa mudzapalasa kupita kuti? Ku Simlemba kuli chimanga."

"Ndigawa, ndibzala kuseri."

"Kuseri mfuko sifikako? Ine ndikudziwa khomo limodzi lokha la mpanda wa njerwa, lachitsime chosaphwa, la munthu woti mbewu ikalowa m'manja mwake siifa. Inu mukulidziwanso. Koma poti ndinu a Fomu 4, ganizani nokha."

Analowa m'nyumba. Ndinatukwana pang'ono chamumtima, chifukwa palibe chopweteka ngati mkazi wako kunena zoona tsiku la chikondwerero chako.

M'mawa mwake duwa lachiwiri linali litamasula pa phesi lomwelo, lokongola ngati dzulo. Buku lililonse lingakuuzeni kuti phata laling'ono chotero siligawidwa lili pamaluwa. Ndinanola mpeni. Ndinafukula m'mbali ndi zala mpaka mizu inaonekera, ndinalowetsa mpeni pakati pa ziphukira ziwiri zija, n'kutsitsa kamodzi. Chiphukira chopanda phesi ndinachisiya mumgolo. Cha phesi, chaduwa, ndinachikulunga m'chiguduli chonyowa, kuchiimika m'ndowa, ndowayo kumanga pakaliyala. Dambo lonse ndinawoloka chokankha njinga kuti duwa lisagwedezeke.

A Lufeyo ndinawapeza panazale, keni ili m'manja. Atandiona anaimika keni pansi, nkhope ili gwa. Kenako maso awo anapita pandowa. Anayandikira, anazungulira njinga, anawerama. Manja onse awiri anawabisa kumbuyo.

"Ili ndi la m'dzala lija?"

"Lomwelo."

Anayang'anabe nthawi yaitali. Sanapepese, inenso sindinapepese.

"Likufuna dothi lotani?" anafunsa.

"Manyowa akale a ng'ombe, pamalo pofika dzuwa la m'mawa. Alamu, khasu lanu lili kuti?"

Anakatenga awiri. Tinakumba pafupi ndi chitsime.